Malemu Orton Chirwa: kwa eni adapeza ntchito, kwawo adapeza unyolo

Pa 20 Okutobala 1992, m'ndende yaikulu ya ku Zomba mudamwalira bambo wina wa zaka 73. Maso adali atachita chidima, makutu atagontha, thupi litatheratu. Bamboyu adali Orton Edgar Ching'oli Chirwa, Mmalawi woyamba kupata uloya ku Mangalande, amene adayambitsa chipani cha Malawi Congress, yemwenso adali nduna ya zachilungamo pomwe dziko lino limalandira ufulu. Boma la chipani chomwe adayambitsacho ndilo lidawatsekera kwa zaka pafupifupi 11 mpaka moyo udathera m'selo momwemo.

Wina afunsa kuti kodi iwe mwana wa ku Mwanza, mbiri ya Mtonga wa ku Nkhata Bay ikukukhudza bwanji? Yankho langa nali. Ife a pamalire tidazolowera kuona anthu akuthawa. Ena amathawira kuno, ena amathawa kuno. A Chirwa adakhala wothawa kwawo kwa zaka 17, kenaka nkukhala wozunzidwa m'ndende ya kwawo komwe. Mbiri yawo ndi sikelo yabwino yoti tidziyezere tokha pa zinthu ziwiri: mmene timasamalira mlendo wothawa moto, ndi mmene timasamalira m'bale wathu amene watuluka m'manja mwa omzunza.

A Chirwa adabadwa pa 30 Januwale 1919 m'boma la Nkhata Bay. Masiku amenewo mwana akafika Sitandade 6 mudzi wonse unkamutcha wophunzira, koma iwo sadalekere pomwepo. Adapita ku South Africa kukaphunzira pa koleji ya Fort Hare, yomwe idasula atsogoleri ambiri a mu Africa muno, ndipo atabwerako adakaphunzitsa aphunzitsi ku Domasi. M'chaka cha 1951 adakwatira Vera Chibambo, amene pambuyo pake adadzakhala mayi woyamba wa ku Malawi kuphunzira zamalamulo. Kenaka adawoloka nyanja, ndipo mu 1958 adalandiridwa ngati loya ku Lincoln's Inn mumzinda wa London.

Adabwerera kumudzi dziko lili pamoto chifukwa cha chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Loya wakuda mmodzi yekha m'dziko lonse akadatha kulemera osatuluka thukuta. Koma iwo adasankha kukhala mlangizi wa zamalamulo wa chipani cha Nyasaland African Congress. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage adaletsa chipanicho nkuyamba kugwira atsogoleri ake. A Chirwa ndi akazi awo adagwidwanso m'masiku omwewo. Umenewu udali ukaidi wawo woyamba, wa atsamunda, ndipo udatha patangopita miyezi yochepa.

Atatuluka adapeza anthu ali ngati nkhosa zopanda mbusa, Dr Kamuzu Banda adakali m'ndende ku Gwelo. Pa 30 Seputembala 1959 iwo pamodzi ndi anzawo, kuphatikizapo mnyamata wina dzina lake Aleke Banda, adakhazikitsa Malawi Congress Party, ndipo a Chirwa ndiwo adakhala pulezidenti wake woyamba. Kamuzu atatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, a Chirwa adanyamuka pampando nkuupereka kwa iye. Inu ophunzira amene mumakonda kukangana za ndale, taimani kaye pamenepa. Ndi angati mwa andale athu amene angayambitse chipani, nkuchikuza, kenaka nkuchipereka kwa wina popanda kumenyana?

Chitatha chisankho cha 1961 adalowa mu unduna wa zachilungamo, komwe ntchito ina yaikulu imene adagwira idali yokonza makhoti a kumudzi. Pofika pa 6 Julayi 1964, tsiku la ufulu, adali nduna ya zachilungamo komanso mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo. Koma chisangalalo sichidathe ngakhale miyezi iwiri. Kumapeto kwa Ogasiti nduna zidamuuza Kamuzu maso ndi maso zimene sizinkagwirizana nazo: kulipiritsa tiki m'zipatala, kuchedwa kopereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, ubwenzi ndi Apwitikizi omwe ankalamula Mozambique, ndi chizolowezi chake cholamula yekha ngati kuti ndunazo ndi ana a m'nyumba mwake.

Pa 7 Seputembala 1964 Kamuzu adachotsa a Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani adatula pansi maudindo awo, ndipo a Henry Masauko Chipembere adachita chimodzimodzi atabwera kuchokera ku Canada. Kuyambira pamenepo dzina lawo lidasanduka zigawenga. A Chirwa adayesa kukakambirana ndi Kamuzu ku Zomba, koma adakumana ndi zibakera za anyamata a chipani. Posakhalitsa adazemba nkulowa m'dziko la Tanzania. Dzulo lake nduna yoyenda pa galimoto ya mbendera, lero wothawa kwawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono apa mpomwe pali phunziro loyamba. Dziko la Tanzania, pansi pa Mwalimu Julius Nyerere, silidali lolemera kuposa lathu. Koma silidawatsekere a Chirwa kumsasa kuti azidikira thumba la ufa pakutha pa mwezi. Lidawalola kukhala mumzinda wa Dar es Salaam ndi kugwira ntchito yawo ya zamalamulo. Mayi Vera Chirwa, atamaliza maphunziro awo ku London, adalembedwa ntchito mu ofesi ya mlangizi wamkulu wa boma la Tanzania, ndipo pambuyo pake adakaphunzitsa zamalamulo pa yunivesite ya Zambia ku Lusaka. Ana awo adapita kusukulu. Banjalo linkadya thukuta lake. Eni dziko sadaluzepo kanthu, m'malo mwake adapeza maloya awiri amene sadawalipirire fizi ndi kobiri lomwe. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Sikuti moyo wa kwa eni udali wa uchi ayi. Wothawa kwawo amamva za maliro a mayi ake patapita miyezi, ndipo sangapite kukaponya dothi. Abale otsala kumudzi amaopa ngakhale kulandira kalata yake. Ena mtima udalephera kupirira. A Yatuta Chisiza adaganiza zobwerera ndi mfuti, ndipo mu Okutobala 1967 adaphedwa pomenyana ndi asilikali a boma m'nkhalango za kuno ku Mwanza. A Chipembere adamwalira ku America mu 1975 osaonanso nyanja ya kwawo ku Mangochi. Dr Attati Mpakati adaphedwa ku Harare mu 1983. Mtolankhani Mkwapatira Mhango adatenthedwa m'nyumba ku Lusaka mu 1989 pamodzi ndi a pabanja pake. Ndipo sadali andale okha. Mu 1972 a Mboni za Yehova zikwizikwi adathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Milange m'dziko la Mozambique chifukwa chokana kugula khadi ya chipani. Tisaiwale, abale anga, kuti dziko lino lidayamba latumiza othawa kwawo kwa anzathu lisanayambe kuwalandira.

Ali kunja komweko, a Chirwa adayambitsa gulu la ndale lotchedwa MAFREMO, lofuna kuti ulamuliro wa munthu mmodzi uthe m'Malawi. Ichi ndicho chidawaika pakamwa pa ng'ona. Pa 24 Disembala 1981, usiku woti kukacha ndi Khrisimasi, iwo, akazi awo ndi mwana wawo wamwamuna adagwidwa kufupi ndi malire a Chipata ndi Mchinji. Boma lidati adalowa okha m'dziko kudzaligwetsa. Eni ake adanena mpaka kumapeto kuti adachita kubedwa ali m'dziko la Zambia. Mwana wawoyo adasungidwa zaka zoposa ziwiri popanda mlandu uliwonse.

Mlandu woukira boma udayamba mu 1982 ku Soche mumzinda wa Blantyre. Sudapite ku khoti lalikulu ayi, udapita ku bwalo la mafumu la chigawo cha kummwera. Mabwalo amenewa adapatsidwa mphamvu yoweruza milandu ya imfa mu 1969, ndipo loya sankaloledwa kuimira munthu kumeneko. Taganizani: maloya awiri ophunzira ku London, mmodzi mwa iwo nduna yakale ya zachilungamo, akukanizidwa loya, akukanizidwanso kuitana mboni zawo zochokera kunja. Adadziteteza okha. Kumayambiriro kwa Meyi 1983 adagamulidwa kuti anyongedwe.

Pasanathe milungu iwiri, magazi adakhetsedwa kuno kwathu. Pa 17 Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, adagwidwa ku Zomba. Usiku wa pa 18 Meyi adatengeredwa kumsewu wa ku Thambani, nkuphedwa, mitembo yawo nkuikidwa m'galimoto yomwe idakankhiridwa kuphompho. Wailesi idati ndi ngozi, ndipo idawanena ngati anthu amene ankathawa m'dziko. Mwaona kuchenjera kwake? Adasankha Mwanza chifukwa bodza loti munthu amathawira kumalire linkamveka ngati zoona m'masiku amenewo. Mwezi umodzi womwewo wa Meyi dziko lidaphunzitsidwa kuti wothawa saloledwa kuthawa, wotsala saloledwa kuyankhula.

A Chirwa adachita apilo koma bwalo lalikulu la mafumu lidaikana mu Febuluwale 1984. Chomwe chidawapulumutsa ku chingwe ndi phokoso la anthu akunja: bungwe la Amnesty International lomwe lidawatcha akaidi omangidwa chifukwa cha maganizo awo, mpingo wa Church of Scotland, ndi maboma ena. Mu Juni 1984 Kamuzu adasintha chilango kukhala ukaidi wa moyo wonse. Ena mumaseka mukamva za anthu olemba makalata odandaulira mkaidi amene sadamuonepo. Makalata amenewo ndiwo adapangitsa kuti mayi Vera Chirwa adzatuluke ndi moyo.

Koma moyo umene adawasiyirawo udali imfa ya pang'onopang'ono. Ku Zomba a Chirwa ankasungidwa kwaokha nthawi zambiri, miyendo ili m'matangadza. Chakudya chidali chosayenera munthu wachikulire, mankhwala osowa. A Amnesty adalemba kuti mu 1991, makalata ena ozembetsedwa atagwidwa, mkuluyu adalangidwa pomangidwa manja ndi miyendo ali chonjuta, chitsulo chitapingasa kuseri kwa mawondo, kwa masiku awiri. Munthu wa zaka 72! Akazi awo adali m'ndende yomweyo, kuseri kwa khoma, koma kwa zaka zisanu ndi zitatu sadaloledwe kuonana. Omzunza munthu amadziwa kuti chikwapu chimapola, koma kumsiya yekha, wopanda womuitana dzina, ndiko kumamthyola msana.

Tsopano tiyeni tibwerere kumalire, chifukwa zaka zomwezo zimene a Chirwa ankawolera m'selo, kuno ku Mwanza kunkachitika china. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi a Renamo idakula, ndipo kuyambira 1986 anthu a ku Mozambique adayamba kukhamukira m'dziko lino. Pofika 1992 adaposa 1 miliyoni, m'dziko lomwe kalembera wa 1987 adapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Kuno kudatsegulidwa misasa ya Chifunga ndi Luwani, m'dera lomwe lero lili m'boma la Neno. Msewu wa ku Tete kudzera pa Zobue magalimoto ankadutsa pamdipiti, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza ndi mfuti.

Ine ndidabadwa nkhondoyo ili kumapeto, choncho zambiri ndidamva kwa amayi ndi agogo. Amati anthu ankafika atavala ziguduli ndi makungwa a mitengo, mapazi atatupa, ena atadulidwa makutu kapena milomo. Asanafike a UNHCR ndi a Red Cross ndi malole awo, amene adayamba kuwalandira ndi anthu wamba a m'midzi. Mafumu adagawa malo, amayi adagawa ufa wa m'lichero lomwelo. Ambiri adali abale enieni, olankhula Chichewa ndi Chinyungwe, amene mzere wa atsamunda udangowadula pakati. Mtengo wake tidalipira ndithu: mapiri adameteka chifukwa cha nkhuni, zipatala zidadzaza, ndipo chilala cha 1992 chidatipeza tili pamodzi. Koma palibe adatseka chitseko.

M'mudzi mwathu mudatsalira mayi wina wa ku Tete amene adakwatiwa konkuno nkhondo itatha. Lole ikangophulitsa utsi pamsewu, mayiyo ankataya chidebe nkuthawira m'chimanga. Ife ana tinkaseka, tinkati ngwamisala. Amayi akuluakulu sankaseka. Ankamulondola, nkukhala naye pansi mpaka kunjenjemera kutatha, mawa lake nkumudzera popita kumjigo ndi kuchigayo. Pamaliro ankampatsa mphika wake woti aphike, kutchalitchi adamlowetsa m'kwaya. Sadaphunzire za uphungu wa maganizo, koma ankadziwa kuti munthu amene waona zoopsa sasiyidwa yekha, ndiponso sasandutsidwa wongolandira. Amapatsidwa anzake ndi ntchito.

Ndiye taonani dziko lathu mmene lidalili: dzanja lamanja likugawira mlendo nsima ku Chifunga, lamanzere likumanga mwana wake m'matangadza ku Zomba, ku Mikuyu ndi ku Dzaleka. Maiko akunja ankatiyamikira pa choyambacho, ife eni tinkanong'ona za chachiwiricho.

Mu Malichi 1992 maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yawo ya m'nyengo ya Lenti, ndipo mantha adayamba kusweka. Mu Seputembala chaka chomwecho gulu la maloya a ku Britain lidaloledwa kulowa m'ndende ya Zomba, ndipo mpamene a Chirwa adaonana ndi akazi awo koyamba patatha zaka zisanu ndi zitatu zija. Kudali kutsanzikana. Pa 4 Okutobala a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adasaina mtendere ku Rome, alendo athu nkuyamba kuganiza zobwerera kwawo. Patangopita masiku 16 a Chirwa adamwalira. Mtembo udapita ku Nkhata Bay, koma mayi Vera sadaloledwe kukaika mwamuna wawo. Adatulutsidwa pa 24 Januwale 1993. Pa 14 Juni chaka chomwecho Amalawi adavotera matipate, ndipo lamulo lokhululukira othawa kwawo lidatsatira. Mkuluyu adaphonya zonsezi ndi miyezi isanu ndi itatu yokha.

Nanga anzawo amene adatuluka amoyo tidawasamala bwanji? Papepala tidachita bwino. Malamulo aakulu a dziko a 1994, m'gawo 19, adaletsa kuzunza munthu mwa njira iliyonse. Mu 1996 dziko lino lidalowa m'pangano la United Nations lothana ndi kuzunza anthu. Komiti yofufuza za ku Thambani, yotsogozedwa ndi jaji Mtegha, idatsimikiza kuti anayi aja adachita kuphedwa ndi apolisi, ngakhale kuti Kamuzu, a John Tembo ndi anzawo khoti lidawapeza osalakwa mu Disembala 1995. Padakhazikitsidwanso bwalo la National Compensation Tribunal loti lipereke chipukuta misozi kwa omangidwa popanda mlandu, olandidwa katundu ndi othamangitsidwa m'dziko.

Koma bwalolo lidapatsidwa zaka khumi zokha ndi ndalama zoperewera. Lidatsekedwa anthu zikwizikwi asanalandire zawo. Mu 2017 ofesi ya Ombudsman, pomwe inkatsogozedwa ndi mayi Martha Chizuma, idafufuza nkhaniyi nkupeza kuti ambiri adangosiyidwa m'malere, ndipo idalamula boma kuti likonze. Pofika nthawi imeneyo ambiri mwa odandaulawo adali nkhalamba, ena adali kale kumanda ndi mapepala awo m'sutikesi. Ndipo ndalama ndi mbali imodzi chabe. Munthu amene adagona zaka m'selo ya mdima amabwera kumudzi ndi maloto oipa, ndi ukali wosadziwika mutu wake, ena ndi botolo. Thandizo la matenda a maganizo m'dziko lino lidaunjikana malo owerengeka, monga chipatala cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu. Wa ku Thambani kapena ku Kunenekude akafikako ndi ndalama yanji?

Amene adaonetsa njira ndi mayi Vera Chirwa. Atatuluka sadakhale pakhonde kudikira chipepeso. Adayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu wamba pa nkhani za malamulo ndi ufulu wawo, ndipo pambuyo pake adasankhidwa ndi komishoni ya ufulu wachibadwidwe ya mu Africa kuti aziyendera ndende za m'maiko osiyanasiyana. Mkaidi wa dzulo adasanduka woyendera akaidi. Izi zidatheka chifukwa adatuluka nkupeza ana, mpingo ndi abwenzi akuwadikira, komanso ntchito yoti agwire.

Nanga alendo? Apa mpomwe ndikufuna tilankhulane bwino, inu anzanga a mumsika. Dzaleka, ndende ija ya ku Dowa imene inkasunga Amalawi osagwirizana ndi chipani, idasandutsidwa msasa wa othawa kwawo mu 1994. Idakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma pofika 2023 mudali anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Pomwe dziko lino linkalowa m'pangano la United Nations la othawa kwawo mu 1987, lidakana mfundo zina, makamaka zolola wothawa kwawo kukhala komwe afuna ndi kugwira ntchito momasuka. Lamulo lathu la 1989 lidayenda m'mapazi omwewo. Kunena mwachidule, a Orton Chirwa akadakhala Mtanzania wothawira kuno, sitikadawalola kutsegula ofesi ya uloya mu Limbe. Tikadawapatsa khadi ya chakudya ndi malo okhoma chisakasa.

Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali adasesa m'matauni, kuyambira ku Lilongwe, kugwira othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita geni kunja kwa msasa. Mazanamazana, ana omwe, adayamba agona kundende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka. Mashopu adatsekedwa. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mudaomba m'manja, ndipo dandaulo lanu ndikulimva. Mpamba ngwochepa, ngongole ya kubanki ili ndi chiwongoladzanja choboola m'mimba, kenaka pafupi ndi okala yako pabwera wina wogulitsa sopo motchipa. Zimawawa.

Koma funsani mtima wanu: chitsekereni mashopu aja, kodi mpamba wanu udakula? Kodi mtengo wa shuga udatsika? Amene adatsekeredwa kumsasa tsopano akudikira thandizo la mabungwe lomwe m'zaka zapitazi lakhala likudulidwa. Munthu amene ankalipira lendi kwa Mmalawi, kulemba ntchito mnyamata wa Chimalawi ndi kugula nyemba kwa mlimi wa Chimalawi, tamsandutsa wopempha. Ngati vuto ndi loti ena sadula chiphaso cha bizinesi kapena sakhoma msonkho, mankhwala ake ndi kuwadulitsa chiphaso ndi kuwakhometsa msonkho monga tonsefe. Ngati wina ndi wakuba kapena wozembetsa anthu, khoti lilipo. Koma kutsekera namwino, mphunzitsi ndi telala kumpanda chifukwa choti kwawo kuli nkhondo ndi kutaya kalumo kaja.

Ndipo ife a ku Mwanza tili ndi chifukwa china chosaiwalira. Mu 2008 ndi mu 2015 mabasi odzaza ndi Amalawi othawa zipolowe za ku South Africa adalowera pachipata chathu chomwechi. Adathamangitsidwa ndi mawu omwewo amene ife timanenera Maburundi: akutilanda ntchito, akutilanda malonda. Ambiri mwa inu muli ndi mchimwene kapena mlongo ku Joni amene amatumiza ya fetereza. Tsiku limene mukufuna kuti iye asamalidwe ndi eni dziko ndi tsiku lomwelo limene mlendo wa pa Mchesi akufuna kuti mumusamale.

Chomwe chimandilimbitsa mtima nchakuti mtima wa agogo athu udakalipo. Kuyambira pakati pa 2015 mpaka 2016, nkhondo itabukanso m'chigawo cha Tete, anthu pafupifupi 10,000 adafika pamudzi wa Kapise kuno ku Mwanza. Ndidapitako. Zisakasa za udzu ndi mapulasitiki zidali mpaka kuphiri, zimbudzi zochepa, malungo ali ponseponse, a Médecins Sans Frontières akuyesetsa ndi kachipatala kawo. Koma amene adayamba kupereka malo, madzi ndi nkhuni adali anthu a pamudzipo, osauka okhaokha, boma lisanayambe kusamutsira alendowo ku Luwani mu Epulo 2016. Wosauka wa kumudzi adamvetsa msanga chimene ife a m'tauni, ndi masukulu athu, chikutivuta kumvetsa.

Choncho pempho langa lili patatu. Aphungu athu akonze lamulo la 1989 kuti wothawa kwawo amene boma lamuvomereza aziloledwa kugwira ntchito ndi kuchita malonda poyera, ali ndi chiphaso, akukhoma msonkho. Boma limalize ngongole yake kwa ozunzidwa a nthawi ya chipani chimodzi amene adakali moyo, ndipo chipatala chilichonse cha boma, kuyambira cha pamalire ngati chathu, chikhale ndi munthu wophunzira kumvetsera ovulala mumtima. Ndipo inu ophunzira, makamaka a zamalamulo ndi a zaumoyo, musadikire kulembedwa ntchito ndi bungwe lakunja. Ku Dzaleka a Jesuit Refugee Service akhala akuyendetsa sukulu ndi uphungu kwa zaka zambiri, ndipo manja sakwana. M'mudzi mwanu momwemo muli nkhalamba imene idapita ku Mikuyu kapena ku Dzaleka isanakhale msasa. Pitani mukakhale nayo pansi, mulembe zimene ikuuzeni idakali ndi mpweya.

Chaka chilichonse pa 20 Juni dziko lapansi limakumbukira othawa kwawo, ndipo pa 26 Juni limakumbukira ozunzidwa. Kuno masiku amenewa amathera m'mahotela, ndi malaya olembedwa ndi maalawansi. Dzina la a Orton Chirwa tidalilemba pamsewu ku Mzuzu, ndipo ku Thambani tidamanga chipilala. Zonsezo nzabwino. Koma mkulu uja kwa eni adapatsidwa ntchito ndi ulemu, kwawo adamanidwa loya, dokotala ndi nkhope ya mkazi wake. Kumlemekeza kwenikweni ndi kuonetsetsa kuti wothawira kwathu akupeza zimene iye adapeza ku Dar es Salaam, ndi kuti aliyense wotuluka m'manja mwa omzunza sakusowa zimene iye adasowa ku Zomba.